Galimoto ya gasi ikakana kulira pa petulo, muyambire pati?

Unali mwezi wa Januwale, mamawa cha m'ma 6 koloko kuno ku Leicester, kunja kudakali mdima bii, chisanu chitachita kuuma pa galasi, ine ndikuthamangira shifiti. Ndalowa m'galimoto, kupotokola kiyi, sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osalira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inangokhosomola kamodzi nkukhala duu. Chomwe chinandizunguza mutu nchoti dzulo lake madzulo ndinabwera nayo kunyumba ikuyenda myaa popanda vuto lililonse, ndipo thanki ya gasi ndinali nditangodzadzitsa kumene, nde ndimvekere iyi ikufuna chaninso, mafuta si awa ali thoo kumbuyoku?

Abale ambiri amene tili kunja kuno timakopeka ndi magalimoto oikidwa LPG chifukwa cha mtengo basi. Gasi wake ndi yemwe uja wa m'masilinda ophikira, propane ndi butane, ndipo pa lita amatchipa kwambiri kuposa petulo, olo kuti galimoto imamwa malita ochulukirapo pang'ono ikakhala pa gasi. Ku Poland, ku Turkey ndi ku Italy magalimoto otere ali mbwee, ku UK kuno akuchepa, malo omwetsera akutsekedwa, a Shell anachotsa mapampu awo a gasi cha mu 2020, nde mumapeza galimoto yabwinobwino ikugulitsidwa motchipa poti mwini wake watopa nkusakasaka komwetsera. Ine ndinagwera pomwepo. Koma chomwe ogulitsa sakuuzani nchoti galimoto yoikidwa gasi imakhalabe galimoto ya petulo, gasiyo ndi mlendo wongolowetsedwa pakati, ndipo mbali ya petulo ukaitaya ngati munda wa chaka chatha tsiku lina idzakukhaulitsa.

Kuti timvane bwino tiyambe ndi momwe zimagwirira ntchito, chifukwa popanda zimenezi muzingogula masipeya mwachimbulimbuli. Makiti amakono, awa amati sequential, kaya ndi BRC, Prins, Lovato, Landi Renzo, Stag kapena KME, onse nzeru yake ndi imodzi. Gasi m'thanki amakhala wamadzimadzi chifukwa chopanikizidwa, ndipo thanki imadzadza kulekeza pa 80 peresenti kuti patsale malo. Kuti alowe mu injini ayenera kusanduka mpweya kaye, ndipo ntchito imeneyo imachitika mu kachitsulo kena kobulungira pansi pa boneti, kotchedwa reducer, ena amati vaporiser, komwe kamatenthetsedwa ndi madzi omwe aja a mu rediyeta. Mamawa madziwo amakhala ozizira, nchifukwa chake galimoto imalira pa petulo kaye nthawi zonse, kenako madzi akafika madigiri 30 kapena 40 mumamva kuti thapu, kanyali pa kabatani kasintha, yalowa pa gasi. Ndiye kuti olo mutakhala ndi gasi wodzadza bwanji, petulo akapanda kufika mu injini simuchoka pakhomo, pokhapokha mutaikakamiza kulira pa gasi.

Pali chinanso chofunika kuposa apa, chomwe amakaniko ambiri osazolowera gasi sachidziwa. Kompyuta ya gasi siyendetsa injini payokha ayi, imangobera. Injector iliyonse ya petulo, kachipangizo kopopera mafuta mu injini, ili ndi mawaya awiri, wina umalandira moto wa 12 volts kiyi akakhala on, winayo ndi womwe ECU, kompyuta ya galimoto yeniyeniyo, imagwiritsa ntchito potsegula ndi kutseka injector mofulumira kwambiri. Woika gasi amadula waya wachiwiriwu pa silinda iliyonse, mbali zonse ziwiri nkuzipititsa ku kabokosi ka gasi, komwe ndi kompyuta ya gasi ija. Mukakhala pa petulo kabokosiko kamangolumikiza mbali ziwirizo uthenga nkumadutsa, mukalowa pa gasi kamatseka njira, nkutenga uthenga womwewo, kuuwerengera mwina, nkuupereka ku ma injector a gasi, kwinaku kakunamiza ECU ya galimoto kuti zonse zili bwino, petulo akulowa. Injini ya masilinda anayi ndiye kuti pali nsonga za mawaya 8 zomwe munthu anadula nkulumikiza ndi manja, mwina zaka 10 kapena 15 zapitazo, ndipo simukudziwa kuti tsiku limenelo anali wofatsa kapena ankathamangira kukaweruka.

Mukamvetsa zimenezi funso limatsala limodzi lokha la mbali ziwiri: kodi petulo sakufika pa ma injector, kapena akufika koma ma injector sakulandira uthenga woti atseguke?

Choyamba kuchita si kutsegula boneti, ndi kuyesa kuiliza pa gasi mokakamiza. Makiti ambiri ali ndi njira ya pangozi, mumadina kabatani ka gasi osakasiya, nkutembenuza kiyi kufika pa on, kudikira kalire kapena kanyali kasinthe, kenako nkuliza. Kachitidwe kake kamasiyanako malinga ndi kampani, ndipo makiti ena amalola kangapo kokha kenako amakana mpaka wa laputopu akatsegule. Ine sindinkadziwa nkomwe kuti njirayi ilipo, anandionetsa ndi bambo wina wa ku Poland yemwe timakhala naye msewu umodzi, atandiona ndaima ndi boneti yotsegula ngati ndikuonerera maliro. Anangolowa, kudina, kupotokola, galimoto nkulira. Inkanjenjemera ngati yamalungo koma inalira. Anandiuza kuti ndisaponde moto, ndiisiye ilire yokha itenthe kaye, chifukwa gasi akamasanduka mpweya amayamwa kutentha, nde ukaponda injini ili yozizira reducer imachita chisanu mpaka kuyera mbuu kunja kwake, gasi nkudutsa ali wamadzi, injini nkuzima.

Kulira pa gasi kumeneku ndi umboni waukulu kwabasi. Ngati yalira ndiye kuti mapulagi akutulutsa moto, makoyilo ali bwino, sensa ya crankshaft ikuwerenga, timing belt sinaduke, kompreshoni ilipo, ndipo ECU ya galimoto ikutumiza uthenga wa ma injector, chifukwa paja kabokosi ka gasi kamadalira uthenga womwewo. Komanso gasi amavuta kuyaka kuposa petulo, amafuna moto wamphamvu, nde pulagi yomwe ikuyatsa gasi singalephere petulo. Ndikunena izi chifukwa pa galaja ina yomwe ndinaimbira foni m'mawa womwewo, munthu asanaione nkomwe galimoto anayamba kale kundiwerengera mtengo wa makoyilo anayi ndi sensa. Ndikanavomera ndikanataya ndalama ya lendi pa zinthu zoti zilibe mlandu.

Ikakana ndi pa gasi pomwe, apo nkhani yasintha, mwina vuto si la mafuta nkomwe, yang'anani batire, moto wa mapulagi, immobiliser (chotetezera kuba chomwe chimaletsa injini kulira popanda kiyi wake) ndi zina zomwe zimagwetsa galimoto iliyonse. Ukhoza kupopera pang'ono sipure yotsukira kabureta mu paipi ya mpweya wina akuliza, ikagwira kwa kamphindi nkuzima ndiye kuti moto ulipo, chikusowa ndi mafuta. Pang'ono pokha, ndipo nkhope isakhale pafupi.

Tsopano ku petulo. Musandiseke, koma yambani nkufunsa ngati m'thanki muli kanthu. Munthu woyendera gasi amaiwala kuti tsiku lililonse galimoto imanyambita petulo poliza ndi potenthetsa, maka nyengo yozizira pomwe imatha kuyenda makilomita angapo isanasinthe, ndipo kwa ife a maulendo afupiafupi, kunyumba kuntchito kuntchito kunyumba, petulo amatha msanga kuposa momwe ukuganizira. Geji nayo imanama. Magalimoto ena sayeza ndi kachoyandama kokha, amawerengeranso kuchokera ku ma injector, nde poti ECU ikuganiza kuti ikumwa petulo nthawi yonseyi muvi umasokonekera, pena kutsika thanki ili yodzadza kenako kudzakweranso wokha. Pa ena kachoyandamako kamangomatirira malo amodzi chifukwa chokhalitsa osasuntha. Thirani malita 5 kapena 10 a petulo watsopano mu chigubu musanakhulupirire muvi.

Kenako zimitsani wailesi, tsekani zitseko, tembenuzani kiyi kufika pa on osaliza, nkutchera khutu kumbuyo. Pampu ya petulo imayenera kulira kuti zzzz kwa masekondi awiri kapena atatu nkusiya. Yanga inali zii. Bambo uja anagwada pa chisanu pompo, nkumenya pansi pa thanki ndi chibakera katatu ine ndikutembenuza kiyi, tinangomva kakulira kofooka ngati udzudzu wa m'botolo, kenako zii kachiwiri. Anadzuka akupukuta mawondo nkundifunsa kuti nyali ya petulo yakhala ikuyaka kwa nthawi yaitali bwanji. Ndinachita manyazi, inali miyezi pafupifupi inayi, ndinkangothira wa mapaundi asanu ikafika pothaitha.

Nkhani yake ili apa. Pa magalimoto ambiri oikidwa gasi pampu ya petulo siyizima mukalowa pa gasi, imangozungulirabe ulendo wonse. Pampuyo imakhala m'kati mwa thanki ndipo chomwe chimaiziziritsa ndi petulo yemweyo. Thanki ikakhala pafupifupi youma pampu imangopukusa timalita tiwiri tomweto, kutentha, kuyamwa mpweya pokhota, kukoka zinyalala za pansi, mpaka kupsa. Ndiye iwe ukuyenda mosangalala pa gasi osadziwa kuti kumbuyoku chinthu chikufa pang'onopang'ono, poti galimoto siikuchidalira pa nthawiyo, umadzadziwa mawa lake mamawa. Nchifukwa chake oika gasi amati petulo asamatsike kupitirira kota ya thanki.

Koma pampu ikakhala chete musathamangire kugula ina. Onani fyuzi yake, onani relay, kaswichi ka magetsi komwe kamayatsa pampuyo, mutha kusinthanitsa ndi relay ina yofanana nayo m'bokosi momwemo, monga ya hutala, kuti muone ngati isinthe. Magalimoto ena monga a Ford, Fiat ndi Land Rover akale ali ndi kaswichi kodula pampu galimoto ikagundidwa, ndipo nthawi zina kamadumpha ndi bampu chabe kapena dzenje, kamakhala kobisika cha kumapazi kapena m'buti, mumangokadina kubwerera. Mukafika pa pulagi yolumikizira mawaya a pampu yezani ndi multimeter kapena ka babu koyesera ngati moto ukufika kiyi akatembenuzidwa. Moto ukufika pampu osalira, yapita. Moto sukufika, vuto lili kutsogolo, ndipo apa kumbukirani kuti oika gasi ena, maka akale, ankadula dala waya wa pampu nkuikapo relay yawoyawo yoti izizimitsa pampu pa gasi, relay imeneyo ikamatirira pampu siidzukanso olo ili yamoyo.

Pampu kulira sikutanthauza kuti ikukankha mokwanira. Injini wamba ya ma injector imafuna presha ya ma bar atatu kapena anayi pa paipi yomwe ma injector amakhalapo, ndipo pa magalimoto ena pamakhala kavavu konga ka tayala pomwe makaniko amalumikiza geji. Presha yochepa imachokera ku pampu yotopa kapena fyuluta yotsekeka, ndipo fyuluta ya petulo pa galimoto ya gasi ndi chinthu chomwe palibe amachikumbukira pa sevisi. Chenjezo limodzi, ngati injini yanu ndi ya direct injection, yopopera petulo molunjika m'kati mwa silinda, monga zolembedwa TSI ndi FSI, presha ya pamenepo imapitirira ma bar 100, musamasule kalikonse nokha.

Petulo nayenso amakalamba. Akakhala miyezi yambiri zopepuka zomwe zimathandiza kuyaka kukazizira zimauluka, otsalawo amada nkuyamba kumata. Kuyambira Seputembala 2021 petulo wamba ku Britain ndi E10, wosakaniza ndi ethanol mpaka 10 peresenti, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Ife a ku Malawi zosakaniza ethanol si zachilendo, kwathu zinayamba kalekale m'ma 1980 ndi wa ku Dwangwa, kungoti kwathu petulo sagona m'thanki miyezi isanu, ndani angamusiye. Yemwe anatuluka m'thanki yanga anali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake ngati vanishi wa akalipentala. Petulo wotere amatseka timabowo ta ma injector, ndipo pamwamba pa apo ma injectorwo amakhala pa injini yotentha maola ambiri popanda chodutsamo, nde zotsalira zimapsererapo. Chizindikiro chake galimoto imalira movutikira, kunjenjemera, kudumphadumpha pa petulo, koma ikangolowa pa gasi yasalala.

Nanga ngati presha ili bwino, petulo ndi watsopano, koma osalirabe? Apa ndiye tabwerera ku mawaya 8 aja. Pali ka nyali koyesera kotchedwa noid light komwe mumalowetsa pa pulagi ya injector, wina akamaliza kamayenera kuphethira. Kulibe, ikani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injector, chogwirira pa khutu, mumve ngati ikuchita tiki tiki. Ikakhala chete pa masilinda onse pomwe pa gasi galimoto ikulira, wolakwa ndi kabokosi ka gasi kapena mawaya ake, sikakubweza uthenga ku petulo. Kawirikawiri ndi madzi. Kabokosiko amakamangirira pansi pa boneti, ena mochita kuyang'anitsa pulagi m'mwamba, mvula ya kuno ndi mchere womwe amathira m'misewu nyengo yachisanu zimalowa, mukazula pulagi mumapeza timapini tachita zobiriwira. Pena ndi molumikizira momwe munthu anangopota mawaya nkukulunga tepi osawotcherera, mukakoka pang'ono waya umangosololoka.

Apa pali msampha womwe wagwira anthu ambiri. Munthu amaganiza kuti poti ndikukayikira za gasi, ndingozula pulagi yaikulu ya kabokosi ka gasi galimoto ibwerere mwakale. Ayi ndithu. Mukazula pulagiyo mwasiya mawaya a ma injector ali oduka pakati, galimoto singalire pa petulo olo zonse zili bwino, nde mumadzangoganiza kuti mwapeza umboni pomwe mwapanga vuto lachiwiri. Kuchotsa fyuzi ya gasi kokha nkosiyana, pa makiti ambiri njira ya petulo imakhala yolumikizika kabokosi kakakhala kopanda moto, nde kumeneko ndi kuyesa kwabwino. Kuti mukachotse kabokosi m'njira zenizeni muyenera kulumikiza nsonga ziwiri za silinda iliyonse, ndipo pa makiti ambiri zimakhala za mtundu umodzi, wina wopanda mzere wina wa mzere wakuda, wabuluu ndi wabuluu wamzere, wofiira ndi wofiira wamzere, choncho. Ena anaika mapulagi ongolowetsa osadula waya, apo ndiye mwayi, mumangozula nkubwezera pulagi yoyambirira pa injector. Ngati simunagwirepo mawaya a galimoto musiyireni wodziwa, kusokoneza apa kutha kuotcha ECU yeniyeni ya galimoto.

Pali vuto lina lomwe limaoneka ngati la petulo pomwe wolakwa ndi gasi. Mukazimitsa galimoto mavavu a pa thanki ndi pa reducer amatseka, koma m'mapaipi mumatsala gasi. Injector ya gasi ikatha, kapena ka rabala ka m'kati mwa reducer kakang'ambika, gasiyo amadontha usiku wonse kulowa mu manifold, njira yomwe mpweya umadutsa polowa mu injini. Mamawa mukuliza, petulo akubwera mochuluka monga zimakhalira injini ikazizira, nkukumana ndi gasi ali kale mmenemo, mafuta achuluka mpweya wachepa, osayaka. Imeneyi mumaidziwa poti imazungulira nthawi yaitali, imagwira mukaponda moto mpaka pansi, ndipo kumamveka kafungo ka gasi. Kuyesa kwake nkosavuta, madzulo tsekani kampopi ka pa thanki ya gasi, kamakhala pansi pa chivindikiro pomwe pankakhala sipeya tayala, ilizeni pa gasi mpaka ithe wa m'mapaipi ibwerere yokha pa petulo, muzimitse. Mawa ikalira kamodzinkamodzi mwamugwira wakuba.

Zofanana ndi zimenezi ndi za ma fuel trim, manambala omwe ECU imasinthira kuchuluka kwa mafuta. ECU ya galimoto imaphunzira, ikaona kudzera pa sensa ya mu ekizozi kuti mafuta akuchepa kapena kuchuluka imasintha nkusunga. Gasi akakhala kuti sanatchunidwe bwino, kapena fyuluta yake yatsekeka, ECU imakhala miyezi ikuwonjezera kapena kuchotsa, mpaka 20 kapena 25 peresenti, ndiye mamawa imagwiritsa manambala olakwikawo pa petulo. Ka makina kotchipa ka OBD, kowerengera kompyuta ya galimoto, kolumikiza ku foni kamaonetsa zimenezi, long term trim ikapitirira 10 mbali iliyonse pali chofunika kuona. Makodi nawo amalozera, P0171 mafuta achepa, P0172 achuluka, P0201 mpaka P0204 ndi mawaya a ma injector, P0230 ndi dera la pampu. Kufufuta kumathandiza masiku ochepa chabe, mankhwala ake ndi kukatchunitsa gasi.

Amene muli ndi magalimoto akale a kabureta nkhani yanu ndi yaifupi. Pa paipi ya petulo anaikapo kavavu ka magetsi komwe kamatseka petulo mukakhala pa gasi, kakafa kapena waya wake akaduka petulo sadutsa, ndipo ambiri ali ndi kachogwirira kapena ka sikuluwu pansi kotsegulira ndi dzanja. Kabureta yokhalitsa youma nayo imamatirira, ndipo ukasintha kuchoka pa gasi umayenera kudikira kuti idzadze kaye.

Chomwe sindifunira munthu ndi mavavu a injini. Gasi ndi wouma ndipo amayaka motentha, pa injini zina mipando ya mavavu imadyeka, mpata wa ma tappet, tizitsulo tokankha mavavu, nkutha, vavu osatsekanso bwino, kompreshoni nkutsika. Imayamba ndi kuvuta kulira mamawa ndi kunjenjemera poima, nde anthu amanamizira petulo. Nchifukwa chake ena amaika kabotolo ka mafuta otetezera mavavu monga Flashlube, ndipo ngati kanu kanauma kalekale mukapimitse kompreshoni musanagule china chilichonse.

Pogwira zonsezi kumbukirani kuti gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, sauluka, amatsika nkukhazikika pansi, m'dzenje la galaja, m'buti, m'ngalande. Fodya ayi, kuyesa moto wa pulagi pafupi ndi fungo la gasi ayi, ndipo podontha timafufuza ndi madzi a sopo. Wamadzi uja akakugwera pa khungu amaotcha ndi kuzizira, propane amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro, nde paipi yochokera ku thanki si yomasula ndi manja osavala kanthu.

Yanga ndinapita nayo ku shifiti tsiku limenelo pa gasi, mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo Loweruka lake tinatsitsa thanki ndi bambo uja. Kasefa ka kunsi kwa pampu kanali kakuda bii ngati kapukutira mphika. Titaika pampu ina ndi fyuluta, nkuthira malita 20 atsopano, inalira koma silinda yachitatu inkaphonyabe pa petulo, mpaka tinachotsa ma injector onse anayi kukawatsukitsa pa makina a ultrasonic, yachitatuyo inkangodontha m'malo mopopera. Pano Lamlungu lililonse ndikamapita ku tchalitchi ndimadina kabatani kaja nkuyenda pa petulo ulendo wonse, kupita ndi kubwera, mayi a kunyumba amvekere bwanji lero mukuwononga ndalama.